Mizere ya Achimwene

9 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndinafika bwino, kungoti miyendo inatupa ndi kukhala m'basi. Ntchito ndayamba kale.

Makalata ankalemba ndi achimwene, ine n'kumangoika moni wanga pansi penipeni. Tsopano cholembera chagwera ine. Ndikudziwa kuti pa foni simumva bwino, ndiponso simukonda kufunsa kuti "Wati chiyani?" ana akumvetsera. Ndiye muzilandira zoterezi, ngakhale zolemba zanga sizokongola ngati zawo.

M'chipinda ndinapeza zonse monga tinazisiyira tsiku lothamangira kuchipatala lija. Kapu yawo inali pazenera, tiyi ataumira pansi. A Telala, a chipinda choyandikana ndi chathu, amene achimwene ankasewera nawo makhadi, ndi amene anasunga kiyi. Anasesa, anatsegula mazenera, koma kapu anaisiya. Akuti, "Ndimati mwina mungafune kutsuka nokha." Ndatsuka dzulo.

Pamaliro munandifunsa kuti kwenikweni ntchito yathu ndi yotani, ndipo ndinalephera kuyankha chifukwa cha anthu. Kampani yathu imanyamula katundu. Pulogalamu ya pakompyuta imene imanena kuti bokosi ili likwere lole iti, anailemba ndi achimwene, kuyambira ine ndisanabwere kuno. Makompyuta ali ndi zilankhulo zambiri, monga momwe makina otaipira munkakonza aja analili a mitundumitundu. Achimwene ankalemba m'chilankhulo chotchedwa Perl, ndipo ndi chomwecho anandiphunzitsa ine.

Atamwalira, kampani inalengeza kuti ikufuna munthu wa Perl. Palibe anabwera. Choncho akuluakulu agamula kuti pulogalamu yonse ilembedwenso m'chilankhulo china, Python, chimene achinyamata onse akuphunzira. Wolemba ndine. Ndizilemba chigawo chatsopano, chikagwira ntchito n'kuchotsa chakale.

Mkulu wa gulu lathu ndi mayi amene achimwene ankawatcha a Kalendala, chifukwa sangalankhule osatchula tsiku. Andiuza mosabisa kuti kontrakiti yanga imatha mu Seputembala, pamodzi ndi chilolezo chokhalira kuno. Ntchito ikatha bwino, awonjezera. Ikapanda kutero, tidzaona.

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa dalaivala uja. Muyambe ndi mankhwala anu a m'maso, zotsala alamu adziwa pozilowetsa. Ngalande ya kuseri kwa nyumba musakumbe nokha.

Ndine mwana wanu.

13 Epulo

Bambo,

Moni kwa inu ndi onse pakhomo. Kalata yanu ndinailandira. Ndinaiwerenga ndili chiimire pakhomo, kenaka ndinakhala pansi n'kuiwerenganso. Ndakondwa kuti chifuwa cha wamng'ono uja chinasiya. Ine ndili bwino.

Mwafunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji. Ikuyenda, koma pang'onopang'ono, ndipo chifukwa chake si Python. Python ndi yofewa, munthu amaiwerenga ngati kalata. Vuto ndi lina.

Pa ntchito yathuyi mzere uliwonse wa pulogalamu umasunga dzina la amene anaulemba. Ukatsegula, kumanja kuli mizere, kumanzere kuli mayina. Ndiye ine ndikatsegula m'mawa, dzina la achimwene limatsika kuchokera pamwamba mpaka pansi, ngati mabatani a malaya. Ndikamaliza chigawo n'kuchotsa chakale, mayina aja amachoka nacho. A Kalendala akuti palibe chotayika, zonse zimasungidwa m'mbiri ya pulogalamu, wofuna angathe kukafukula. N'zoona. Koma ndani amakafukula?

Komanso pakati pa mizere munthu amaloledwa kusiya timawu ta anthu okhaokha, timene kompyuta siwerenga. Achimwene ankatilemba m'chilankhulo chathu. Pena analemba kuti, "Apa pakuoneka poipa, ndikudziwa. Siyani choncho." Pena, "Ndalemba ndili ndi njala, ndidzakonza Lolemba." Ndinayang'ana tsiku lake, ndi kale ine ndili kusukulu, ndipo sanakonze. Sabata yatha ndinapeza pena palembedwa kuti, "Mlongo, ukadzafika pano usanditukwane." Ndinapita kuchimbudzi n'kukakhala kumeneko nthawi ndithu. Nditabwera ndinapeza wina wandiikira madzi patebulo.

Nthawi yopuma masana ndimayang'ana ntchito zimene zikulengezedwa, kungoti ndidziwe. Ambiri akufuna Python. Ena akufuna JavaScript, ya masamba a pa intaneti. Mabanki akufuna Java. Perl ndinaipeza pamodzi pokha, pansi pa tsamba, pamene amalemba kuti kudziwa izi kungathandizeko. Achimwene atabwera kuno makampani ankachita kuwalimbirana. Mukukumbukira kalata ija analemba kuti ntchito akuchita kusankha? Munaiwerengera aliyense wobwera kushopu, ngakhale wongofunsa njira.

Zinthu kuno zakwera, makamaka magetsi ndi lendi. Mwini nyumba anafunsa ngati ndikufunabe chipinda cha anthu awiri. Ndinati ndikufunabe.

Alamu muwauze kuti jekete ya achimwene yabuluu ndatumiza, mwana wamkulu akula nayo.

Mwana wanu.

18 Meyi

Okondedwa Bambo,

Ndikuyembekeza kuti thupi likukulolani. Kuno kwayamba kuzizira, ndipo a Telala andisokera katani yokhuthala kuchokera ku nsalu zotsala. Ili ndi mitundu yosagwirizana, iwo akuti ndi fashoni.

Ndaseka powerenga kuti mukufuna kudziwa ngati Python ili ndi belu lolira kumapeto kwa mzere. Ilibe, Bambo. Ukalakwitsa imangokulembera mofiira, mwakachetechete. Kalata yanu inandibwezera kushopu. Ndinamva fungo la mafuta a makina ndi la riboni, ndinaona zala zanu zakuda zimene amayi ankakana kuti zikhudze nsalu ya patebulo. Achimwene ankakhala pansi pa benchi akutsuka zilembo ndi kamswachi, ine ndikuwerenga mokweza buku lililonse limene makasitomala aiwala. Munkandiuza kuti ndiziwerenga pang'onopang'ono kuti makina amve. Mpaka lero ndikatenga buku kulaibulale ya kuno, milomo imayenda yokha.

Za ntchito. Mwambo wake, zimene walemba amaziona mnzako zisanayambe kugwira ntchito. A Kalendala anaona zanga Lachitatu. Anawerenga, anavula magalasi, anavalanso.

Anati, "Chemwali, iyi ndi Perl yovala malaya a Python."

Ndinati, "Koma ikugwira ntchito."

Anati, "Ikugwira. Ngakhale ine nditavala suti ya amuna anga ndingafike kuntchito. Funso ndi loti, amene adzabwere pambuyo panu adzaiwerenga?"

Ananena zoona. Ndakhala ndikutsata achimwene mzere ndi mzere. Pamene anakhota, ine ndakhota. Pamene anazungulira njira yaitali, ine ndazungulira, ngakhale Python ili ndi yachidule. Ndimangosintha mawu, kayendedwe n'kawo. A Kalendala anati si ntchito yomasulira imene anandipatsa, ndi yomanga. Kenaka anatchula Seputembala, monga mwa dzina lawo.

Mwafunsa ngati ndikudya. Ndikudya. Kuphika kwa munthu mmodzi ndi kumene sindinazolowere, mphika umatsala theka n'kumapita kwa a Telala. Iwo akuti akunenepa pa maliro a mnzawo, ndipo achimwene akanawaseka.

Mwezi uno ndatumiza mochedwerako, mukhululuke. Fizi ya ana ikhale patsogolo. Za denga tidikire.

Ndine wanu.

15 Juni

Bambo,

Moni. Ndili bwino, musadandaule ndi kufupika kwa kalatayi.

Ndinalakwitsa kuntchito. Kale m'nyumba yosungira katundu munali makina akale osindikiza timapepala tomata pamabokosi. Achimwene ankawatcha agogo, chifukwa ukawafulumizitsa ankatsamwa. Ndiye m'pulogalamu anaikamo kuti izidikira pang'ono, ndipo pambali analemba kuti, "Dikira agogo apume." Makinawo anachotsedwa kalekale. Ndinaona ndi maso anga akuwakweza pangolo. Komabe polemba chigawo chatsopano, kudikirako ndinakusamutsa, pamodzi ndi mawu ake. Ndinkadziwa kuti n'kopanda ntchito. Sindinathe kukusiya.

Kwa achimwene kudikirako kunkachitika kamodzi pa lole iliyonse. Kwa ine, chifukwa cha momwe ndinayalira zinthu, kunayamba kuchitika pa bokosi lililonse. Lolemba malole amene amanyamuka m'mawa ananyamuka dzuwa lili pamutu. Madalaivala anadzaza pabwalo, mafoni akulira. Wina anakuwa kuti, "Kompyuta yagona kodi? Ithireni madzi."

A Kalendala sanakalipe. Anandiitanira m'kachipinda ka magalasi, anatseka chitseko, n'kufunsa kuti, "Tikudikira ndani apa?" Ndinati palibe. Anati, "Ndiye chotsani." Ndinachotsa iwo akuona.

Pali pepala limene anandisainitsa. Si lalikulu, ndidzakufotokozerani tikadzaonana.

Alamu musawauze izi. Mankhwala a m'maso musadumphitse.

Mwana wanu.

20 Julayi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu. Yanu ndinalandira. Simunandidzudzule, munangolemba kuti kunyumba malo alipo, ndipo munthu wobwerera kwawo safunsidwa mafunso. Ndinaipinda n'kuiika m'thumba la jekete, ndikuyenda nayo.

Pali bambo wina amene ntchito yake ndi kusakira anthu ntchito. Achimwene ankawatcha a Tayi, chifukwa ngakhale kutenthe bwanji tayi sachotsa. Ndinapita kukawaona. Ofesi yawo ili pamwamba pa sitolo ya nsapato, masitepe ake amanunkha guluu. Anawerenga mapepala anga n'kupukusa mutu.

Anati, "Mukanabwera ndi Python ya zaka zingapo, bwenzi ndikukufunsani kuti mukufuna mpando wa mtundu wanji. JavaScript, chimodzimodzi. Ngakhale COBOL ya makolo ija ndimapezako kubanki, chifukwa oidziwa akutha ndi ukalamba. Koma Perl, chemwali, ili pakati. Sinakalambe mokwanira kuti ikhale yodula."

Ndinaseka, ngakhale sizinali zoseketsa. Kenaka anatsegula kabati n'kunena kuti pali kampani ina yaing'ono yosindikiza mabuku a sukulu, ikufuna munthu wosamalira pulogalamu yawo ya Perl. Chaka chimodzi, mpaka adzagule ina.

Anati, "Ndisakunamizeni, ndi ntchito yodikirira wodwala. Simukachiritsa, mukangomutembenuza. Chaka chikatha mudzabweranso pano, ndipo ndidzakhala ndi tayi yomweyi ndi yankho lomweli."

Bambo, ndinaifuna ntchitoyo. Chaka chathunthu cholemba momwe ndinaphunzirira, popanda wondiuza za malaya. Komanso pulogalamu ya achimwene akanaimaliza kuchotsa ndi munthu wina, osati dzanja langa.

Madzulo ake ndinakumbukira chaka chija munatsala ndi kasitomala mmodzi, ofesi ya maloya ija. Munkapita Lachisanu lililonse ndi kachikwama ka zida, nsapato zitapukutidwa, ngakhale makina asanawonongeke. Ife tinkakudikirani pakhonde chifukwa pobwera munkatigulira masiwiti. Sindinkadziwa kuti shopu ikutha. Ndinkangoona kuti bambo ali ndi nthawi yambiri yocheza nafe, ndipo kunena zoona chinali chaka chokoma kwambiri pa ubwana wanga. Sindikudziwa kuti kwa inu chinali chotani. Sindinakufunsenipo.

Andiitana Lachinayi kuti ndikaone. A Kalendala sakudziwa.

Ndatumiza kangachepe. Nsapato za ana alamu agule zokulirapo.

Ndine mwana wanu.

17 Ogasiti

Bambo,

Moni kwa nonse. Pepani kuti ndakhala chete. Ndili bwino, kungoti maso amawawa madzulo, mwina ndatengera inu.

Kukampani ya mabuku ndinapita. Anthu ake ndi abwino, anandipatsa tiyi, ndipo ponseponse pamanunkha mapepala atsopano moti ndikanatha kugona pomwepo. Anandikhazika pakompyuta kuti ndione pulogalamu yawo. Ndinawerenga tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Inali Perl ndithu, yolembedwa bwino, mwina kuposa ya kwathu. Chilichonse ndinachimva. Koma munalibe achimwene. Anali mayina a anthu amene sindikuwadziwa, nthabwala za anthu ena. Ndinakhala pamenepo ngati munthu amene walowa m'nyumba yofanana ndi yakwawo n'kupeza pakhoma pali zithunzi za eni ake. Ndinathokoza n'kutuluka. A Tayi nditawauza anati, "Mwandidyetsa njala, koma mwachita bwino."

Tsopano ndasintha kagwiridwe. Ndinapempha a Kalendala kuti m'mawa ndizipita kunyumba yosungira katundu. Ndimaima pakati pa mashelefu ndi akapitawo, n'kumafunsa kuti bokosi likafika chimachitika n'chiyani, likakhala lolemera bwanji, lole ikadzaza bwanji. Akapitawo poyamba ankandithamangitsa kuti, "Achemwali a kompyuta, mupondedwa ndi ngolo, ife tilibe inshuwalansi ya anthu ophunzira." Pano amandisungira mpando. Ndikabwerera kuofesi ndimalemba zimene ndaona, tsamba la achimwene lili chitsekere. Ndimalitsegula pomaliza pokha, kuona ngati ndaiwala kanthu. Kawirikawiri ndimapeza ndaiwaladi, iwo anaganiza kale. Nthawi zina ndimapeza kuti yanga ndi yabwino kuposa yawo, ndipo pamenepo m'pamene pamawawa, chifukwa ndilibe womuuza kuti achite nsanje.

Zigawo zikuchoka mofulumira tsopano. Sindiwerenganso timawu tawo tonse. Ndikayamba, tsiku latha.

A Kalendala anaona za sabata yatha. Magalasi sanavule. Anangoti, "Iyi ndiye Python," kenaka n'kufunsa ngati ndingamalize mwezi usanathe. Za kontrakiti sananene, ndipo pepala la chenjezo lija la mu Juni likadali m'faelo yanga. Akuluakulu ndi amene agamule.

Za chaka cha maloya chija mwayankha ndi mzere umodzi, kuti chaka chimenecho munkadana ndi Loweruka, poti Lachisanu lina linali kutali. Ndaumva, Bambo.

Chilichonse chingachitike, choncho mwezi uno ndatumiza zochepa kuti ndisungeko ya basi. Alamu andimvetse.

Wanu.

21 Seputembala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino, inu, alamu ndi ana. Ine ndili bwino.

Pulogalamu ya achimwene tinaizimitsa Lachiwiri m'mawa. Kuofesi kuno pulogalamu yakale ikamapuma, gulu lonse limaimirira mozungulira tebulo limodzi, ndipo wozimitsa amakhala amene anailemba. A Kalendala anati, "Mwini wake kulibe, ndiye wachibale." Akapitawo anabwera ndi ovololo yawo, a Telala anatseka shopu n'kudzaima pakhomo chipewa chili m'manja, alonda atawalola mwa chisoni. Ndinalemba mzere umodzi waufupi n'kudina. Sipanamveke kanthu. Tinayang'ana pazenera, malole akutuluka pageti imodzi ndi imodzi monga masiku onse. Akapitawo anati, "Basi? Ndavalira ovololo yochapa zimenezi?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka, kenaka aliyense anabwerera pampando wake.

Lachisanu anandiitana m'kachipinda ka magalasi. Awonjezera zaka ziwiri, ndipo za chilolezo akonza ndi iwo. Andiika m'gulu limene likulemba pulogalamu ya madalaivala ya pafoni, ndiye ndiyambanso kuphunzira chilankhulo china. Fizi ya ana ndi yotsimikizika tsopano, ndipo denga mukhoza kuitana mmisiri.

Ndinatuluka ndi pepala m'manja, ndikufuna kuthamanga kuti ndikulembereni. Nditafika kunyumba ndinapeza kalata ya alamu pansi pa chitseko. Akuti kuyambira pamene ndinatchula za ndalama ya basi, mwakhala muli m'chipinda changa chakale. Mwatulutsa makatoni, mwamata ming'alu, mwapenta khoma ndi manja anu, mtundu wachikasu umene ndinkaulirira ndili mwana. Akuti mwakhoma shelefu ya mabuku, ndipo mwawaletsa kundiuza. Musawakalipire.

Bambo, m'makalata anu onse munkandilimbikitsa kuti ndigwire ntchito, ndipo ndikudziwa kuti munkanena zoona. Ndikudziwanso kuti penti munagula. Zonse ziwiri ndazilandira.

Ndapambana, ndiye kuti sindibwera. Tchuthi andipatsa mu Disembala, masabata ochepa okha. Chipindacho musachitseke kudikira ine. Mwana wamkulu wa achimwene akufunika pake powerengera, mayeso ayandikira. Alowemo, aike mabuku ake pashelefupo. Ine ndikadzabwera ndidzayala pansi pambali pake.

Mutsegule mazenera kuti fungo la penti lituluke, lingakupwetekeni maso.

Ndine mwana wanu.